Kudikira Mvula M'dziko Lomwe Mvula Sikata

Inu otsala kumudzi, mukamandiimbira foni funso lanu limakhala lomwelomwelo: mubwera liti? Ana amafunsa, amayi amafunsa, ngakhale anzanga a Mvano omwe tinkakhala benchi imodzi ku Domasi amafunsa. Yankho ndilibe, n'chifukwa chake ndimathawira ku nkhani ya nyengo. Ndiye lero ndiloleni ndiyambe ndi nyengoyo, popeza ndi imene ndingaifotokoze osachita chibwibwi.

Kuno ku Glasgow, m'dziko la Scotland, mwezi wa Disembala dzuwa limatuluka cha m'ma 8:45 m'mawa, ndipo isanakwane 4 koloko masana lalowa kale. Ndikati limatuluka musaganize kuti timaliona. Limangodutsa kuseri kwa mitambo yotuwa, chapansipansi, lopanda mphamvu yoti n'kuumitsa ngakhale kampango ka m'manja. Eni dziko tsiku lotere amati kunja kuli "dreich", kutanthauza kuti kwachita chimdima, kukuwaza kamvula kozizira, ndipo sikuoneka kuti kuyera msanga. Inu a ku Zomba ndi ku Thyolo mumachidziwa chiperoni cha mu Juni ndi Julayi, koma chathucho chimakhala masiku atatu kapena anayi n'kupita, anthu n'kutulutsa mphasa kukaothera dzuwa. Cha kuno chikayamba mu Okutobala chimakafika mpaka Malichi osapepesa.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'choti mvula ya kuno ilibe fungo. Imagwera pa phula ndi pa miyala n'kulowa m'mipope ya pansi, palibe woiyang'ana kawiri. Pa siteji ya basi anthu amangoidandaula. Ine ndimakhala chete, mtima uli ku Okutobala wa kwathu, pomwe dothi limatentha mpaka ana kuyenda modumphadumpha, nyenje zikulira m'mitengo ya mango, akuluakulu ali pakhonde maso ali ku phiri la Malosa kuona ngati mitambo yayamba kusonkhana. Dontho loyamba likagwa pa fumbi, fungo lake limadzutsa ndi wodwala yemwe. Kwathu mvula timaipempherera m'tchalitchi. Kuno amaipepesera alendo.

Anthu a kuno nthawi anaiweta. Pa siteji pali chikwangwani chowala chonena kuti basi ifika pakatha mphindi zingati. Foni imakuuza kuti mvula iyamba 2 koloko n'kukata 5 koloko. Kwa dokotala supita chifukwa choti wadwala, umapita tsiku ndi ola lomwe wapatsidwa, amati apointimenti. Lamulungu lomaliza la Okutobala dziko lonse limagwirizana kubweza wotchi ndi ola lathunthu, kumapeto kwa Malichi n'kuikankhiranso kutsogolo. N'chifukwa chake nthawi zina timasiyana nanu ola limodzi, nthawi zina maola awiri, ndipo amayi anasiya kale kufunsa chifukwa chake. Basi ikachedwa mphindi zisanu nkhope za anthu zimakwinyika. Ine ndimakumbukira minibasi za pa depoti ya Zomba zomwe zimanyamuka pokhapokha zikadzaza, kondakitala akulumbira kuti watsala munthu mmodzi yekha, ife tikugula chimanga chootcha pawindo n'kumacheza ndi munthu yemwe sitinamuonepo chibadwire. Sindikuti kuchedwa n'kwabwino, ayi. Ndikuti ife timadziwa chochita nayo nthawi yodikira, pamene kuno munthu akadikira amaona ngati penapake pawonongeka.

Komatu m'dziko lodziwa ola la chilichonseli ine ndili ndi nkhani yomwe palibe chikwangwani chingandiuze tsiku lake. Ndimagwira ntchito kumalo osamalirako okalamba, kuno amati "care home": kuwasambitsa, kuwadyetsa, kuwatembenuza usiku kuti asachite zilonda. Mu Malichi 2024 panayamba lamulo loti wobwera kumene pa ntchito imeneyi asabwere ndi banja. Ine ndinafika lamulolo litayamba kale, ndiye ana anga akukula ndi agogo awo, ndimangowaona pa WhatsApp akusintha mawu ndi msinkhu. Chilolezo chokhazikika kuno chakhala chikuperekedwa munthu akakwanitsa zaka 5, koma mu 2025 boma linalengeza maganizo oti zikhale 10. Ndibwerere lero, fizi ya sukulu alipira ndani? Ndikhale, ana sandiiwala kodi? Mafunso awiriwa ndimagona nawo n'kudzuka nawo. Kupemphera ndimapemphera, koma Mulungu sapereka apointimenti.

Malemu bambo anga sankadziwa tsiku la mvula, koma chaka chilichonse pofika Okutobala munda unkakhala wososa kale, mapesi atakwirira, mizere atagalauza, chimanga cha mbewu chili lende pamwamba pa moto kukhitchini pomwe utsi umathamangitsa anankafumbwe. Ankalima dothi louma gwa, khasu likudumpha, kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe. Chizimalupsa ikagwa, achinyamata ankathamangira kubzala, iwo ayi. Ankakumba ndi chala kuona pomwe chinyezi chalekezera, n'kupukusa mutu kuti iyi yangobwera kudzazimitsa lupsa. Pakatha masabata awiri chimanga cha othamanga aja chinkapsa chitangomera. Mvula yeniyeni ikabwera, kaya ndi pakati pa Novembala kaya Disembala atalowa kale, bambo sankajijirika. M'mawa mwake ankangotsitsa mbewu n'kulowa m'munda.

Yakobo, m'mutu 5 wa kalata yake, amauza Akhristu ovutika kuti aphunzire kwa mlimi wodikira mvula. Kwathu ndime imeneyi siifuna ulaliki wautali. Kuno, komwe chimanga amachigula cha m'chitini ndipo zipatso zonse zimapezeka m'sitolo chaka chathunthu, anthu akaimva amangoti ndi mawu okoma. Kwa ife ndi nkhani ya njala ndi kukhuta. Mlimi ali ndi mbali yake, khasu, mbewu ndi manyowa, koma tsiku si lake. Ndipo kudikira kwake si kupinda manja. Munthu wotanganidwa kwambiri m'mudzi ndi uja akudikira mvula.

Ndisakunamizeni kuti aliyense wokonza munda amakolola. Inu mukudziwa kuposa ine zomwe zinachitika kumayambiriro kwa 2024, pamene El Niño anadula mvula chimanga chili pafupi kutulutsa ngayaye, mpaka Pulezidenti Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa 28 agwa m'ngozi. Chaka cham'mbuyo mwake, mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy anakokolola nyumba ku Chilobwe, ku Mulanje ndi ku Phalombe, za opemphera ndi za osapemphera zomwe. Timati walira mvula walira matope, koma matope aja sanali oti munthu n'kuwaphera mwambi. Chaka cha chilalacho amayi anandiuza kuti m'munda monse mwatuluka ngolo yosadzaza. Nditawafunsa kuti ndiye titani, anangoti, "Tisosanso." Yankho limenelo ndaliganizira kuposa maulaliki ambiri omwe ndamvapo. Sanati Mulungu awabwezera kawiri, sanatchule chaka. Anangotchula ntchito yotsatira.

N'chifukwa chake aneneri a pa foni amandiimitsa mutu. Pa magulu athu a WhatsApp a Amalawi a kuno satha: mwezi uno ndi wako, mapepala ako atuluka masiku 21 asanathe, bzala mbewu ya mapaundi 50 uone. Munthu wosungulumwa, wotopa ndi mashifiti a usiku, amagwira chilichonse chomwe chadutsa. Ndaona amayi anzanga akutumiza ndalama ya lendi, tsiku lolonjezedwa n'kudutsa, iwo n'kuuzidwa kuti chikhulupiriro chawo n'chimene chinachepa. Anthu amenewa akugulitsa chizimalupsa. Ophunzira atafunsa Yesu za nthawi, iye anawabwezera kwa Atate osawapatsa tsiku. Nanga wa suti yonyezimirayu kalendala ya Mulungu waitenga kuti? Kwathu aliponso, ndikudziwa, koma kwathu uli ndi azakhali ndi akulu a mpingo okukoka mkono usanatumize ndalamayo. Kuno uli wekha ndi foni yako.

Kukhala wekhako kumamveka kwambiri pa chakudya. Ufa timagula kumasitolo a Aafirika, wochokera ku South Africa. Nsima yake imakhutitsa, koma si ya ufa woyera wa kwathu, uja wokonola, kuviika mphale masiku angapo, kuyanika pa mphasa, kenako n'kusenza kupita kuchigayo. Ndiwo zamasamba ndimaphika zina zolimba amati "kale", zofananako ndi repu, n'kutendera ndi chiponde cha m'botolo chomwe nthawi zambiri amathiramo shuga. Nkhwani kulibe. Maungu amadzaza m'masitolo kumapeto kwa Okutobala pa chikondwerero cha Halloween, ana amawaboola maso ndi pakamwa, kuikamo kandulo, mawa lake n'kutaya kubini. Dzungu lathunthu! Masamba ake sindinawaonepo akugulitsidwa paliponse. Matemba a ku Chilwa ndimangowalota.

Chakudya chawo chomwe ndimachikondako ndi "haggis", zam'kati za nkhosa zogaya n'kusakaniza ndi phala louma la oats ndi tsabola. Chimandikumbutsako nthumbwana za mbuzi pa Khirisimasi. Tsiku lina m'kasitolo ka "fair trade", komwe amagulitsa katundu wogulidwa kwa alimi a kunja pa mtengo wachilungamo, ndinapeza mpunga wa Kilombero wa ku Karonga. Nditautereka nyumba yonse inanunkhira ukwati wa kwathu, mpaka ndinaimbira amayi popanda choti ndiwauze. Koma kaya ndi mpunga kaya ndi nsima, chakudya chathu sichinapangidwe kuti munthu adye yekha. Umaomola mitanda iwiri n'kudya utayang'ana khoma, palibe wokuthirira madzi m'manja, palibe mwana wokupempha mutu wa nsomba. Anzanga a kuntchito amadya sangweji ataimirira, maso ali pa foni, ndipo saona chachilendo.

Ndisanabwere ndinkati ndikupita kuchimake kwa mpingo wathu. Si kuno kunachokera amishoni? Ukakwera sitima pakati pa mzinda, lisanathe theka la ola wafika ku Blantyre woyambayo, m'mbali mwa mtsinje wa Clyde, komwe David Livingstone anabadwira mu 1813 m'nyumba ya antchito a pa fakitale ya thonje. Chipinda chomwe anabadwiramo anachisunga, ndinakachiona: chimodzi chokha, banja lonse linkaphika ndi kugona momwemo. Mishoni ya Blantyre wathu inayamba mu 1876, ya Domasi mu 1884, ndipo tchalitchi cha St Michael and All Angels, chomwe David Clement Scott anamanga ndi amisiri a kwathu konko iye asali katswiri wa zomangamanga, chinatsegulidwa mu 1891. Mpaka lero Lamulungu anthu amasefukira panja.

Kuno n'zina. Kalembera wa 2022 anapeza kuti anthu 51 mwa 100 alionse ku Scotland akuti alibe chipembedzo. Kumapeto kwa msewu wa Byres Road kuli tchalitchi chachikulu cha miyala, nsanja yake yolozabe kumwamba, koma mkati mwake muli bala ndi malo a zisudzo, dzina lake Òran Mór. Matchalitchi ena anasanduka nyumba zogona. Komwe ndimapemphera ine tilipo ochepa, ambiri a imvi. Mapemphero amayamba 11 koloko yeniyeni, ikamakwana 12 tatha. Kulibe makwaya opikisana, kulibe nthungululu, kulibe zolengeza za maliro ndi zinkhoswe zotenga theka la ola. Tikatha timamwa tiyi ndi mabisiketi, amandifunsa mwaulemu za Malawi, pakuti ambiri amadziwa ubale wa maiko awiriwa, ena anafikako ku Mulanje Mission kapena ku Ekwendeni. Ndi anthu abwino ndithu. Koma tiyi akangotha aliyense walowa m'galimoto yake, chitseko phaa.

Pamenepa mpomwe ndaonera kuchuluka kwa anthu omwe ankandinyamula. Kwathu kupemphera sikudalira mphamvu zako zokha. Belu limalira, oyandikana nawo akudutsa atatchena, ana akukukoka chitenje. Ukajomba masabata awiri mkulu wa mpingo wafika pakhomo. Amayi a Mvano, bulauzi yoyera ndi duku loyera, amakutenga kukazonda odwala kaya ukufuna kaya sukufuna. Kuno ungajombe mwezi wathunthu palibe wogogoda, akuti kutero n'kulowerera moyo wa munthu. Bedi ndi lofunda, kunja kuli mdima, thupi latopa ndi shifiti ya usiku. Palibe wokuletsa kupemphera, palibenso wokukumbutsa. Amalawi timakumanako mwa apo ndi apo mu holo ya lendi, kuphika nsima m'poto wamkulu, kuimba mpaka mawu kusasa. Tsiku limenelo moyo umabwerera. Koma ndi tsiku limodzi, ndipo masiku enawo ndi ambiri.

Fanizo la anamwali khumi la pa Mateyu 25 linkandivuta ndili mtsikana. Asanu ochenjera aja kumana anzawo mafuta! Kwathu ukamana mnzako parafini usiku wa ukwati amayi adzakuimba nyimbo pa mtondo chaka chonse. Ife timapemphana mchere, timapalirana moto, timabwerekana ndi chitenje chopitira kumaliro chomwe. Nanga Yesu ayamikira bwanji umbombo? Kuno n'komwe ndamvera kuti sunali umbombo. Pali zinthu zosabwerekeka. Amayi angandisungire ana, angandipempherere, ndipo amatero m'bandakucha uliwonse, koma sangakhulupirire Mulungu m'malo mwanga m'chipinda chino cha ku Glasgow. Onaninso ichi: mkwati atachedwa onse khumi anagona, ochenjera omwe, ndipo palibe amene anadzudzulidwa chifukwa cha tulo. Chinawasiyanitsa n'choti ena anachoka kunyumba ataganiziratu kuti mwina mkwatiyo achedwa.

Makolo a anthu a kuno ankazidziwa zimenezi. M'nyumba zosungira zinthu zakale muli timakobidi ta mtovu, amati "communion token", tomwe akulu a mpingo ankapereka kwa Mkhristu wooneka kuti wakonzekera kudya Mgonero. Pambuyo pake m'malo mwa timakobidito munalowa makhadi, onga omwe ife tinakula tikuwaona. Ku chilumba cha Lewis, kumpoto chakumadzulo, mpaka pano nyengo ya Mgonero imayamba Lachinayi n'kukatha Lolemba. Zimandikumbutsa sabata ya Mgonero kwathu, amayi atavala chitenje chatsopano akupita kwa alamu awo omwe anakangana nawo za malire a munda, kukakambirana kuti nkhani ithe, chifukwa sungayandikire gome la Ambuye uli ndi chakukhosi. Nkhani ya malireyo inkabukanso chaka chamawa, inde, koma sabata imeneyo ankadyera mbale imodzi.

Tsono kukonzeka kwanga n'kwa tinthu tating'ono. Pa shifiti ya usiku, okalamba akagona, cha m'ma 3 koloko, ndimatsegula Buku Lopatulika langa, Chichewa chakale chija cha 1922 chomwe ana a masiku ano amati n'chovuta. Cha Chingerezi ndili nacho, koma sichifika pomwe pakuwawa. Ngongole ya tikiti ya ndege ndikubweza pang'onopang'ono. Loweruka ndimawerenga ndi ana pa foni, netiweki ikadula timadikira ibwere. Ndikuchitanso maphunziro a ntchito yosamalira anthu, kuno amati SVQ, kuti kaya ndikhala kaya ndibwerera, ndisapezeke chimanjamanja. Masiku ena pemphero silituluka, ndimangokhala pa mpando buku lili pamiyendo mpaka belu la m'chipinda china lilire. Ndimati nawonso amenewo Mulungu amawawerengera.

Kuntchito kunali gogo wina wa zaka za m'ma 90, matenda oiwala omwe amati "dementia" atawalanda ndi mayina a ana awo omwe. Koma ukayambitsa Salimo 23 m'maimbidwe a kuno otchedwa Crimond ankatsatira mpaka kumapeto osaphonya liwu. Ankandiuza mobwerezabwereza kuti ali mwana ankaponya makobidi ku Sande sukulu othandiza mishoni ya ku Nyasaland, ndipo tsiku lililonse ankadabwa mwatsopano kumva kuti ine ndine wa kumeneko. Usiku uliwonse ankafuna nsapato zawo ziikidwe bwinobwino pafupi ndi bedi, kachikwama kali patebulo, akuti mwina abwera kudzawatenga. Anzanga ankati ndi matendawo. Mwina ndi zoona. Ine nsapatozo ndinkaziika momwe ankafunira. Anatisiya m'bandakucha wina wa mu Febuluwale, m'chipindamo tili awiri basi, iwo ndi ine mwana wa ku Nyasaland.

Maliro a kuno amadikira masabata awiri kapena atatu kuti papezeke mpata pa ndandanda ya kotenthera mitembo, pakuti ambiri saikidwa m'manda, amatenthedwa. Mwambo wake sukwana ola, chifukwa banja lina limakhala likudikira kale panja. Kenako anthu amapita kuhotela kukadya zomwe a ku Glasgow amati "purvey", tiyi, masangweji ndi nyama yophikira m'chikuto cha ufa wa tirigu. Kulibe kugona pa siwa, kulibe adzukulu okumba manda, kulibe nyimbo za usiku wonse moto ukuyaka pabwalo. Ena amalipiriratu maliro awo ali moyo n'kusankhiratu nyimbo zoti adzaimbidwe. Pa mapepala ndi okonzeka kuposa ife. Kwathu chakudza sichiimba ng'oma, zovuta zimatipeza tilibe thabwa, tilibe ufa, koma pofika madzulo mudzi wonse uli pakhomo, mayi aliyense ndi kambale kake ka ufa, bambo aliyense ndi chikuni. Amalawi a kuno tikamva kuti mnzathu watisiya timasonkherana mpaka thupi likwere ndege, chifukwa palibe mmodzi wa ife wofuna kukathera m'kabotolo ka phulusa pa shelefu ya munthu.

Mwezi wamawa kuli mayi wina wa mu mpingo wathu amene akubwera kuno kuchokera ku Limbe, ndipo wavomera kundinyamulirako kakatundu. Muikemo ufa woyera, nsinjiro, mfutso wa nkhwani ndi matemba ouma okulunga bwino kuti asanunkhitse zovala za eni chikwama. Mundigulirenso buku la Nyimbo za Mulungu, langa lija linanyowa m'chikwama ndi mvula ya kuno, masamba ake anamatana. Ndalama ya feteleza wobereketsa ndatumiza kale kwa achimwene, musaichedwetse. Nyama ndi za mkaka musaikemo, n'zoletsedwa kulowa nazo kuno. Ngumbi za chaka chino mundidyereko.